Nsambo zonenepa za 13-56: zandithandiza ku Open G, koma zala zinalipira

Nsambo za gitalazi ndakhala nazo miyezi inayi tsopano. Ndi za chitsulo chotchedwa phosphor bronze, zimene pa paketi amalemba 13-56 (manambala osonyeza kunenepa kwa nsambo yopyapyala ndi yonenepa kwambiri), ndipo anandibweretsera mlamu wanga pochokera ku Johannesburg. Ndinaziitanitsa pa chifukwa chimodzi. Gitala langa linali ndi nsambo zopyapyala za 10-47, ndiye ndikangolichuna motsitsa kuti ndiimbe mu Open G, nsambo ya nambala 6, yonenepa kwambiri ija, inkalendewera ngati chingwe choyanikapo zovala. Ukaikhudza, inkangoti pwepwepwe pa mafreti. Choipa kwambiri chinali chakuti ukadina kodi mwamphamvu pang'ono, mawu ankakwera n'kuphonya kiyi, chonsecho tuner, kamakina koyezera kachunidwe, ikusonyeza kuti zonse zili bwino.

Kwa amene sanayesepo: gitala lochunidwa mwa masiku onse limakhala E A D G B E. Open G ndi D G D G B D, kutanthauza kuti umatsitsa nsambo zitatu, ya 6, ya 5 ndi ya 1, iliyonse ndi mafreti awiri. Ukakhwacha nsambo zonse osadina paliponse, yatuluka kodi ya G. Ukagoneka chala chimodzi pa freti 5 ndi C, pa freti 7 ndi D. Nyimbo zambiri za kwaya yathu zimazungulira pa makodi atatu amenewa.

Apa ndi pamene nsambo zatsopanozi zinandigwira mtima. Tsiku loyamba nditazimanga n'kutsitsa ya 6 kufika ku D, inalira mokhuthala, mawu ake otalika, osanjenjemera. Ndinagoneka chala pa freti 5, ndipo C inatuluka yoyera nsambo zonse zisanu ndi imodzi, popanda ina yothawa inzake. Kodi imene ndimaikonda kwambiri ndi C ya zala ziwiri: nsambo ya 4 pa freti 2, ya 2 pa freti 1, zotsalazo kuzisiya zokha. Pa nsambo zakale zija inkamveka ngati anthu akukangana. Pano imamveka yodzaza, ndipo D ya pamwamba ija imangolira mosalekeza uku ukusintha makodi. E minor nayonso imakhala bwino: freti 2 pa nsambo ya 4 ndi ya 1, osakhwacha ya 6. Ndimvetsa chifukwa chake Keith Richards, woimba gitala wa gulu la Rolling Stones, amangoichotseratu nsambo ya 6 akamaimba mu Open G, koma ine ndi nsambozi sindikufuna kuitaya, chifukwa pa kodi ya D ndi imene imagwira pansi.

DADGAD, kutanthauza kuchuna D A D G A D, ndinaiyesanso, ija anaitchukitsa woimba gitala Davey Graham ku Britain m'zaka za m'ma 1960. Umatsitsa ya 6, ya 2 ndi ya 1. Chala chimodzi pa freti 2 ya nsambo ya 3, wapeza D yotakasuka bwino. Nsambo ya 2 itatsika kufika ku A sinafooke, ndipo ndi pamene zopyapyala zija zinkandikhumudwitsa kwambiri.

Usiku wina ndinatenga kabotolo ka mankhwala n'kumakatsetsereza pa nsambo, gitala nditaligoneka pamiyendo, monga ankaimbira hauyani akuluakulu akale kuno kwathu. Nsambo zolimbazi sizigonja ku botolo, ndiye silikhudza mafreti. Bambo anga aang'ono anali pakhonde, ndipo analowa m'nyumba kudzaona amene akuimba.

Zovuta zilipo, ndizinene. Sabata ziwiri zoyamba nsonga za zala zinatupa mpaka kusupuka, ndipo ndine munthu woti ndagwira gitala zaka zambiri. Wophunzira kumene akhoza kulitaya. Chachiwiri, nsambo ya 3 inkakanirira m'kampata kake kumutu kwa gitala. Ukapotokola chochunira sinkasuntha, kenako inkalumpha n'kupitirira. Ndinapakamo makala a pensulo, zinachepa, koma zinatheratu mmisiri atakuza kampatako pang'ono. Iye yemweyo ndi amene anakonza chitsulo cha m'khosi la gitala, chifukwa nditabwerera ku kachunidwe ka masiku onse khosi linapindika pang'ono, nsambo n'kutalikira mafreti. Ndalama ya mmisiriyo muiwerengeretu pogula.

Chenjezo lina: musakweze nsambozi kupita ku Open E. Kumeneko umamangitsa nsambo zitatu kuposa pa masiku onse, ndipo gitala lakale ngati langa likhoza kuzuka pamalo pamene nsambo zimamangiriridwa. Ine ndikafuna Open E ndimachuna Open D, D A D F# A D, n'kuika kapo, kachipangizo kopanira nsambo zonse, pa freti 2. Kiyi yake ndi yomweyo.

Dzimbiri linayamba kuoneka pa nsambo ziwiri zopyapyala mvula italimba, ngakhale ndimazipukuta ndikamaliza kuimba. Zokulungidwa zinayi zija zidakali ndi mawu, kungoti kuwala kwa sabata zoyamba kunazilala.

Ndikuzipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Gitala limeneli ndalisiya mu Open G, silibwereranso, ndipo mlamu ndamutuma kale mapaketi ena awiri a 13-56 akamabwera pa Khirisimasi.