Outlander PHEV ndi RAV4 yotchaja, iti ikulimba mu chisanu cha kuno ku Scotland

Anzanga angapo mwakhala mukundifunsa za galimoto zotchaja koma zokhalanso ndi injini ya petulo zija, zimene amati PHEV kapena plug-in, makamaka inu amene mwangofika kumene ku Aberdeen kuno ndipo mukugwira ya care yoyenda khomo ndi khomo, nde ndati ndingolemba kamodzi m'malo moyankha mmodzimmodzi. Ine ndimayendetsa Mitsubishi Outlander PHEV ya 2019, ino ndi winta yachitatu ndili nayo. Alamu anga ali ndi Toyota RAV4 Plug-in ya 2021 ndipo mu January tinasinthana masabata awiri, ine ndimafuna ndiilawe kaye ndisanayambe kulota zosintha.

Papepala nkhani yake ndi yachidule. Outlander ya 2019 ili ndi batire la 13.8 kWh, injini ya 2.4, ndipo amati imayenda mamailosi 28 pa magetsi okha. RAV4 batire lake ndi 18.1 kWh, injini 2.5, mamailosi 46. Zonse ziwiri zimakoka matayala onse anayi, akumbuyo amazunguzidwa ndi mota yamagetsi. Koma manambala amenewa amayeza kukutentha bwinobwino abale, osati 6 koloko m'mawa mu January kuli mdima wa ndiwe yani, dzuwa lituluka cha m'ma 9, galasi lakutsogolo litauma gwaa ngati mbale yochokera mu fiiza.

Kukazizira batire limachita ulesi, zimenezo n'zoona, koma chimene chimadya mamailosi kwambiri ndi hita. Galimoto wamba ya petulo imakufunditsani ndi kutentha kwa injini komwe kukanangotayika, ndi kwaulere. Izi zotchajazi injini ikakhala yozima kutentha kuchokera kuti? Ku batire lomwelo limene mukufuna likufikitseni kwa client. Apa ndi pamene ziwirizi zasiyanirana zenizeni.

Outlander hita yake yamagetsi ili ngati ketulo, imawiritsa madzi ndi magetsi basi, ndipo mumachita kuona ndi maso nambala ya mamailosi pa dashibodi ikutsika mukangodina. Yanga m'chilimwe ndimapeza 24 kapena 25, kunja kukazizira kufika madigiri ziro ndi hita yoyaka ndimathokoza ndikafika 15. Nde taganizirani ntchito yathuyi, kuyenda mphindi 8, kulowa m'nyumba mphindi 45 kuwasambitsa agogo ndi kuwapatsa mankhwala, potuluka galimoto yazizira ngati simunayendemo, hita iyambenso pachiyambi. Khomo lachinayi batire latha. Komanso injini imadziyatsa yokha kukazizira kwambiri kuti ithandize kufunditsa ngakhale batire lili lodzadza, pali batani la EV, loyendera magetsi okha, lomwe limaichedwetsako koma sikuti imamvera nthawi zonse.

Chenjezo kwa amene mukusaka yogwiritsidwa kale ntchito: si Outlander iliyonse ili ndi hita yamagetsi. Zina zotsika mtengo, monga GX3h zakale zija za injini ya 2.0 ndi batire la 12 kWh, zilibe, kutanthauza kuti mukangofuna kutentha injini iyake basi, ndiye winta yonse mukuyendetsa galimoto ya petulo yonyamula batire lolemera. Safunsa anadya phula, mufunseni wogulitsa, ndipo musangomva zake, yatsani hita galimoto ili yozizira mumvere ngati injini ikulira.

RAV4 ili ndi heat pump. Imagwira ngati firiji yotembenuza, imakoka kutentha kochepa komwe kuli mu mpweya wapanja n'kukulowetsa m'kati, nde magetsi ake ndi ochepa poyerekeza ndi ketulo uja. M'masabata awiri aja ndimamaliza raundi yonse ya m'mawa injini osadzuka, ndimapeza cha m'ma 33, tsiku lina 35, ndipo ndinayamba kuwayang'ana alamu ndi diso lina. Koma nayonso ili ndi malire, kukatsika kufika cha pa madigiri -10 heat pump imagonja injini n'kutenga udindo, komanso mukadina batani lochotsa nthunzi pagalasi lakutsogolo injini imayaka. M'tauni muno pafupi ndi nyanja -10 sitimuona kawirikawiri, koma amene mumapita kumtunda ku Deeside mukudziwa, mudzi wa Braemar kunafika -23 mu February 2021, ndipo mbiri yake ndi -27.2 mu 1982. Ife amene timati ku Dedza mu June kumazizira tinkangocheza eti.

Chimene chimapulumutsa zonse ziwiri ndi kufunditsa galimoto ikadali pa waya. Ine ndimatchera taimala, ndikamamwa tiyi hita ikugwira ndi magetsi a m'nyumba, potuluka ayezi wasungunuka yekha akutsetsereka pagalasi, aneba ali kalikiliki kupala ndi kapulasitiki manja atafiira. Kenako panjira ndimangoyatsa mpando wofunda, umadya pang'ono zedi, hita ndimaitsitsa. App ya Outlander imalumikizana ndi wifi ya galimoto yomweyo, nde muyenera kukhala pafupi, mukaimika kuseri kwa msewu iwalani. Ya Toyota imadutsa pa netiweki, muli pa bedi mumayatsa.

Pa kutchaja Outlander ili ndi kanthu kamodzi komwe RAV4 ya chaka chimenecho ilibe, pulagi ya CHAdeMO yotchaja mwachangu, mphindi pafupifupi 25 yafika 80 peresenti kukakhala kofunda, kukazizira imachedwerapo. Zimamveka bwino koma ine ndinasiya, mtengo wa ma rapid, matchaja achangu a panjira aja, ndi wokwera moti kulipira zonsezo chifukwa cha mamailosi 12 a mu winta bola kungothira petulo. Pa tchaja ya pakhomo RAV4 imadzadza m'maola awiri ndi theka, Outlander maola anayi ngakhale batire lake ndi laling'ono. Pa soketi wamba ya mano atatu zonse ndi za usiku wonse.

Batire likatha napo RAV4 ikutsogola, imangosanduka hybrid ya Toyota yomwe tonse tikuidziwa kuti petulo imangonunkhiza, thanki malita 55. Outlander pa msewu wa A90 kupita ku Dundee batire litatha imamwa ndithu ndipo thanki yake ndi yocheperapo, mumaima pafupipafupi.

Tsopano za sinoo weniweni, apa ndiulule. Winta yanga yoyamba ndinkadzimva, ndili ndi four by four, pali ndi batani la Snow, ndani angandiuze chani. Tsiku lina ndikutsika kamsewu ka kumafamu kumbali ya Banchory, gritter, galimoto yothira mchere mumsewu, inali isanadutse, sinoo wogwa usiku atapondedwa n'kuuma. Outlander ili ndi timapadulo kuseri kwa chiwongolero tosinthira mphamvu ya regen (mota imagwira galimoto n'kubweza magetsi mu batire mukachotsa phazi), B0 mpaka B5, ine ndinali pa B5 poti ndimakonda kubweza magetsi mu batire. Nditangochotsa phazi galimoto inagwira ngati ndaponda buleki, matayala anali a chilimwe, ndinangomva chiwongolero chapepuka, galimoto ikupita chammbali pang'onopang'ono ngati bwato, mpaka kukatsamira mulu wa sinoo m'mbali mwa mpanda wa miyala. Palibe chinaphwanyika kupatula mtima wanga umene unali phaphapha, ndinakhala kaye mphindi zingapo manja akunjenjemera ndisanaimbe ku ofesi kuti ndichedwa. Vuto silinali galimoto, linali ine ndi matayala. Chiyambire tsiku limenelo pa ayezi ndimatsitsa regen pa B1 kapena B2 n'kumaponda buleki mofatsa.

Four by four imakuthandizani kunyamuka ndi kukwera chitunda, poima siikuthandizani chilichonse, ndipo galimoto ziwirizi iliyonse ikulemera pafupifupi matani awiri. Kuno lamulo silikakamiza matayala a winta ngati mmene zilili ku Sweden kapena Finland, limangofuna kuti mizere ya tayala ikhale yakuya 1.6 mm, nde ambiri timayenda ndi a chilimwe chaka chonse, pomwe labala wake amayamba kuuma kukatsika pansi pa madigiri 7. Ine ndinaika a all season okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kasinoo pakati, kusintha kwake kuposa kusiyana kwa Outlander ndi RAV4 konse. Ndi matayala ofanana sindingakuuzeni kuti iyi ikuposa iyi pa sinoo, Outlander ndimaimva yokhazikika pang'ono ponyamuka ndipo timapadulo tija ndimatikonda poti regen mumailamula nokha, RAV4 ili ndi mphamvu zambiri, mahatchi opitirira 300, pa ayezi phazi lizipepuka. Ndipo ma snow gate, mageti otseka msewu sinoo akachuluka, a pa A93 ku Glenshee kapena A939 ya ku Tomintoul akatseka atseka, apolisi safunsa kuti mwakwera chani.

Zing'onozing'ono zomwe zili mbali zonse: kabatire ka 12V kaja ndi kamene kamadzutsa galimoto, kakafooka ndi chisanu simunyamuka ngakhale batire lalikulu lili full. Mchere wa m'misewu umadya pansi, komanso ma disiki a buleki akumbuyo amachita dzimbiri chifukwa regen ndi imene imagwira ntchito yambiri, muziponda mwamphamvu apo ndi apo pamalo abwino. Kachitseko ka potchajira kamaumira, musakoke ndi mphamvu ndipo madzi owira ayi.

Nanga ndalama? Apa ndiye Outlander imabweza. Zilipo mbwee pamsika chifukwa kwa zaka zingapo inali PHEV yogulidwa kwambiri mu UK, ndipo mtengo wake uli pansi ndi masauzande angapo a mapaundi poyerekeza ndi RAV4, ndalama yoti petulo amene mungapulumutse mu winta sangaibweze msanga, ife tili ndi fizi ya ana kumudzi. Mitsubishi inasiya kugulitsa zatsopano kuno mu 2021 koma sevisi ndi masipeya zikupezekabe, waranti ya batire ndi zaka 8 kapena mamailosi 100,000. Toyota imawonjezera waranti mpaka zaka 10 mukamapangitsa sevisi kwa iwo. Amene mtima uli pa RAV4 yang'ananinso Suzuki Across, ndi galimoto yomweyo baji yokha.

Nde ine ndikuti, ngati thumba likulola ndipo raundi yanu imapitirira mamailosi 20 patsiku, RAV4 ndi imene imakhalabe yamagetsi mu January. Ngati maulendo ndi afupi, Outlander yokhala ndi hita yamagetsi ikukwanirani, yotsalayo mugule matayala. Koma ngati mukukhala pa flat ya pamwamba ku Torry kapena Rosemount mulibe poimika pokhala ndi soketi, zonse ziwiri zisiyeni, gulani hybrid wamba yosatchaja, chifukwa kufunditsa pa waya kuja simukupeza ndipo batire muzingolinyamula ngati thumba la chimanga.

Yanga ndikhala nayo mpaka waranti ya batire ithe mu 2027, ndikatero ndiona. Alamu ndawauza kangapo za matayala koma RAV4 yawo ikadali pa a chilimwe, akuti aona malipiro a mwezi uno.