Boxer, HLX, Lifo kapena sikuta: njinga yamoto yopitira kuntchito ku Mulanje ndi ku Thyolo

Amene akufuna njinga yamoto yoyendera tsiku ndi tsiku kuno kwathu asayambe ndi kufunsa mtengo, koma ayambe wayang'ana njira imene imafika pakhomo pake. Msewu wa M2, wochokera ku Limbe kudzera pa Bvumbwe, Thyolo, Luchenza ndi Chitakale mpaka kuchipata cha Muloza, ndi wa phula, ndipo njinga iliyonse imayendamo. Nkhani imasintha mukapatuka kulowa m'njira za m'minda ya tiyi ndi za kumidzi, kumene dothi lofiira limaterera mvula ikangogwa, zitunda n'zazitali, ndipo chiperoni chimanyowetsa njira ngakhale mu June ndi July pamene madera ena kuli fumbi lokhalokha. Mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo kapena kalaliki wa kuesiteti amafuna njinga imene idzalira m'mawa uliwonse, ndiponso imene makaniko wapafupi angaikonze tsiku lomwelo.

Za sikuta ndinena mwachidule. Ndi yosavuta kuyendetsa popeza ilibe kilatchi kapena magiya osintha ndi phazi, imateteza zovala ku matope, ndipo pansi pa mpando pali malo osungira katundu. Koma matayala ake ndi aang'ono, nthawi zambiri a mainchesi 10 kapena 12, mimba yake ili pafupi ndi nthaka, ndipo lamba amene amayendetsa tayala lakumbuyo sapezeka wamba m'misika yathu. Imayenera munthu amene nyumba ndi ntchito zonse zili m'mbali mwa phula, monga wokhala pa Chitakale n'kumagwira ntchito paboma. Kwa ena tonse, ayi.

Mpikisano weniweni uli pakati pa njinga ziwiri za ku India, Bajaj Boxer 150 ndi TVS HLX 125. Zonse zili ndi matayala a mainchesi 17, mpando wautali wokwanira anthu awiri, ndi injini yozizira ndi mphepo imene sifuna kuisakanizira oyilo mu petulo. Zonse zinapangidwa poganizira ntchito yolemetsa ngati ya kabaza, choncho munthu woyenda yekha ndi chikwama chake sangazitopetse msanga. Kusiyana kwake kumaoneka pachitunda. Boxer 150, yomwe injini yake ili pafupifupi 145cc, imakwera zitunda za ku Makwasa kapena njira ya ku Thekerani itanyamula anthu awiri popanda kudandaula kwambiri, pamene HLX 125 imafuna kuti mutsike giya msanga ndi kuleza mtima. Pamalo athyathyathya, monga kuchokera pa Luchenza kupita ku Nkando, mphamvu yowonjezerayo simudzaigwiritsa ntchito kawirikawiri, ndipo injini yaing'onoyo imamwa petulo wochepa. Palinso nkhani ya laisensi imene ambiri saiganizira pogula: ya A1 imakulolani kuyendetsa njinga yosapitirira 125cc, pamene yoposa pamenepo imafuna laisensi ya A. Ine ndimaona kuti amene njira yake ili ndi zitunda, kapena amapititsa mwana kusukulu m'mawa uliwonse, asaumire ndalama, agule ya 150. TVS nayonso ili ndi HLX 150 kwa amene amakonda mtundu umenewu.

Njinga zopangidwa ku China, zimene ambiri timazidziwa ndi dzina la Lifo ndi zinzake, sizofunika kuzinyoza, pakuti n'zimene zatsegula maulendo m'midzi yambiri ya kuno. Mtengo wake wogulira ndi wotsika, masipeya ake ali ponseponse kuyambira pa Limbuli mpaka pa Bvumbwe, ndipo palibe makaniko wapansi pa mtengo amene sanatsegulepo injini yake. Komabe kutchipa kumeneku kumabwera ndi ntchito. Zimafuna mwiniwake wokonda sipanala, womanga mabawuti sabata iliyonse, wosachedwa kusintha oyilo, ndiponso wodziwa kusiyanitsa sipeya yabwino ndi yachinyengo, chifukwa pamsika umodzimodzi mumapeza tcheni cholimba ndi china chimene chimatanuka miyezi isanapite patali. Munthu amene sadziwa zimenezi amadzapereka kwa makaniko pang'onopang'ono ndalama zimene anaganiza kuti wapulumutsa pogula.

Pali chinanso chachikulu chokhudza ife okhala pafupi ndi malire. Njinga yogulidwa ku Milange, m'dziko la Mozambique, imaoneka yotsika mtengo, koma mtengo umenewo suphatikiza msonkho wa ku MRA, kulembetsa ku Road Traffic kuti ikhale ndi nambala, ndi inshuwalansi imene lamulo limafuna. Wogwira ntchito yolembedwa sangamazembe apolisi apamsewu m'mawa uliwonse, ndipo ngozi ikachitika pa njinga yopanda mapepala, mlandu ndi chipukutamisozi zonse zimagwera iye. Choncho poyerekeza mitengo, yerekezani njinga ziwiri zimene zonse zili ndi nambala kale, ndipo muwerengeremo helimeti ziwiri, yanu ndi ya amene mumam'kweza. Mukatero mudzaona kuti mpata wa pakati pa Lifo ndi njinga za ku India umachepa.

Yamaha AG200 ili m'gulu lakelake. Ndi imene mabungwe ambiri amapatsa alangizi awo, ndipo chifukwa chake chimaoneka: mimba yake ili pamwamba, tcheni chake n'chotsekeredwa kuti matope asalowe, ndipo magiya ake oyambirira amakoka mwamphamvu pamalo oterera. M'madera amene njira ndi milatho zinaonongeka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, njinga yotere imadutsa pamene zinzake zimafuna kukankhidwa. Koma ndi yodula pogula, paphula si yothamanga, ndipo sipeya ikasowa ulendo wake ndi wa ku Blantyre. Yamaha DT 125 yakale, imene imafuna oyilo wapadera wopsa pamodzi ndi petulo, imamwa mafuta ambiri kuposa zonse zimene ndatchulazi, choncho sindingailimbikitse kwa wowerengera ndalama ya mwezi.

Pa nkhani ya mafuta, musadalire kwambiri zimene wogulitsa akunena, chifukwa zitunda, katundu, mpweya wa m'matayala ndi dzanja la woyendetsa zimasintha zambiri. Funsani akabaza a pasiteji yanu amene amayenda njira yomwe inu mudzayende, popeza iwo amawerengera lita iliyonse. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi, kotero kuti njinga yokhala nthawi yaitali osayenda, kapena yothiridwa mafuta a m'zigubu nthawi ya kusowa kwa petulo, imavutitsa kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, mosayang'ana dzina lolembedwa pathanki.

Ndikanakhala kuti ndikulangiza mnzanga wa kuntchito amene njira yake ndi yosakaniza phula ndi dothi, ndikanamuuza kuti atenge Boxer 150 kapena HLX, ndipo pakati pa ziwirizi asankhe imene masipeya ake akupezeka pamsika wapafupi ndi kwawo. Ngati ndalama zikungokwanira njinga yogwirapo kale ntchito, apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsayo, aione m'mawa injini isanatenthe kuti adziwe ngati imalira msanga ndiponso ngati ikutulutsa utsi wabuluu, ayang'ane felemu ngati inawotcheredwapo pansi pa mpando, pamene njinga za kabaza zimathyokera chifukwa cha matumba a chimanga ndi mikoko ya nthochi, ndipo asapereke ndalama asanaone kuti nambala ya injini ndi ya chasisi zikufanana ndi zolembedwa m'mapepala a ku Road Traffic.