Mbereko ya chitsulo: momwe idatitumikira pa Michiru ndi ku Likhubula

Mayi anga atachiona koyamba chikwama changa choberekera mwana chili chiimire pakhonde pathu ku Chilomoni, adachizungulira kawiri asadalankhule, kenaka adandifunsa kuti, "Kodi mwananga, mdzukulu wangayu wasanduka nkhuku yoti muzimuyendetsa m'dengu?" Funso lawo silidali lopanda nzeru, chifukwa iwo adalera ana asanu ndi chitenje chokha, ndipo palibe ngakhale mmodzi wa ife amene adagwa kumsana kwawo. Komabe patha miyezi isanu ndi itatu ndikunyamulira mwana wathu wa zaka ziwiri m'chikwama chimenechi pa maulendo okwera mapiri, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze mwachilungamo pamene chimathandiza ndi pamene chitenje chimachiposa.

Chinthu chimene ndikunena ndi chikwama chakumsana chokhala ndi mafupa a chitsulo chopepuka cha aluminiyamu. Mwana amakhala pa kampando kam'kati atamangidwa ndi malamba odutsa m'mapewa, m'chiuno ndi pakati pa miyendo, pamene wonyamula amamanga lamba wokhuthala m'chiuno mwake ndi ena awiri m'mapewa. Kumbuyo kuli kamwendo kotambasula kuti chikwamacho chiziima chokha pansi pomukweza kapena kumutsitsa mwana, ndipo kunsi kwa kampando kuli thumba lokwana matewera, botolo la madzi ndi kamba wapaulendo. Zikwama zambiri zamtunduwu zimalemera pafupifupi makilogalamu 3 zili zopanda kanthu ndipo zimapangidwa kuti zinyamule mpaka makilogalamu 22, kuphatikizapo mwana ndi katundu yemwe. Sizoyenera khanda limene silidayambe kukhala pansi palokha, chifukwa khosi lake silingapirire kugwedezeka kwa m'njira ya miyala.

Changa ndidachipeza pa kaunjika mumsika wa Limbe, tsiku limene ndidapita kukafuna majuzi a nyengo yozizira. Wogulitsayo ankachiyesa chikwama wamba cha alendo okwera mapiri, ndipo tidanenerera mpaka tidagwirizana pa mtengo umene ndikadagulira zitenje zingapo zabwino. Nditafika kunyumba ndidapeza kuti chomangira cha lamba wapachifuwa chidali chothyoka, mwina chifukwa chopanikizika m'bele, ndipo wosoka nsapato wina wa m'dera lathu adandiikira china chimene adachotsa pa chikwama chakale cha sukulu. Aliyense wogula chakaunjika ayenera kuyesa chomangira chilichonse pomwepo, kukoka ulusi wa malamba ogwira mwana ndi mphamvu, ndi kuona ngati chitsulo sichidapindike, popeza pa kaunjika chogula sichibwezedwa.

Ulendo woyamba weniweni tidaupanga mu Juni pa phiri la Michiru, limene nsonga yake ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,470 ndipo ife a ku Chilomoni timadzuka tikuliona tsiku ndi tsiku. Sitidalinge kunsonga, koma tidangotsata Njira ya Mtanda imene Akatolika amakwera popemphera, chifukwa malo ake oimapo amapereka mpata wopumira pafupipafupi. Pamenepa ndi pamene chikwamachi chidandigometsa. Mwana wathu amalemera makilogalamu 12, ndipo ndikaphatikiza chikwama, madzi ndi chakudya, ndinkasenza pafupifupi makilogalamu 18. Koma nditamanga bwino lamba wa m'chiuno pamwamba pa mafupa a m'mbali, kulemera kwambiri kudatsikira m'miyendo ndipo mapewa adangotsala ndi ntchito yoletsa katunduyo kupendekera kumbuyo. Poyamba ndidalakwitsa pomangitsa malamba a m'mapewa n'kulekerera wa m'chiuno, moti tisadafike patali khosi lidayamba kuwawa ngati ndasenza thumba la chimanga, koma nditakonza cholakwacho ululu udatha. Manja onse awiri adali omasuka, choncho pamalo otsetsereka ndinkatha kugwira mwala kapena ndodo popanda kuopa kuti mfundo ya nsalu imasuka.

Phindu lina, limene sindidaliganizire pogula, ndi lakuti chikwamachi chidasamutsa ntchito yobereka mwana kuchoka kwa mayi ake kubwera kwa ine. Kwathu kuno bambo wobereka mwana ndi chitenje amakhala nkhani ya mudzi wonse, koma bambo yemweyo akavala chikwama cha malamba, anyamata a kabaza amangomufunsa kumene adachigula. Mayi a kunyumba, amene kale ankakana maulendo otere ponena kuti kwa iwo kukwera phiri ndi mwana kumsana n'chimodzimodzi kupita kukatola nkhuni, tsiku limenelo adayenda opepuka, atangonyamula kathumba ka nthochi ndi mbatata yophika. Mwana nayenso adakondwa chifukwa amakhala pamwamba, mutu wake utapitirira wanga, ndipo ankaona tawuni ya Blantyre ili yadzi kumunsi, mapiri a Ndirande ndi Soche ali potero, n'kumaloza mbalame iliyonse yodutsa.

Koma kukhala pamwambako kuli ndi zovuta zake, ndipo apa ndi pamene mawu a mayi anga adayamba kumveka. Ndikawerama kuti ndidutse pansi pa nthambi, ndimayeza ndi mutu wanga, kuiwala kuti kumbuyo kuli mutu wina wotalika kuposa wanga. Kawiri konse mwana adakwapulidwa ndi timitengo pamphumi ndisadaphunzire kugwada m'malo mowerama. M'tchire mmene muli chitedze, chimene chimayabwa koopsa chikauma, m'pofunika kusamala kwambiri, chifukwa timanja ta mwana timakhala panja ndipo timagwira chilichonse chimene chayandikira. Chimene wagwira m'manja, kaya ndi chipewa, nsapato kapena mandasi, amachiponya pansi inu osadziwa, ndipo nsapato imodzi ya kumanzere idatsala pa Michiru mpaka lero.

Vuto lalikulu kwenikweni ndi lakuti pakati pa msana wanga ndi thupi la mwana pali chitsulo ndi nsalu yokhuthala. Mayi wobereka ndi chitenje amamva kupuma kwa mwana, amadziwa ngati watentha thupi, wazizidwa kapena wagona, osachita kucheuka. M'chikwama simumva chilichonse. Tsiku lomwelo la Juni, cha m'ma 11 koloko, chiperoni chidatsika mwadzidzidzi monga chimachitira m'miyezi yozizira kuno kumapiri a Shire, ndi nkhungu ndi kamvula kowaza. Ine ndinkatuluka thukuta chifukwa cha chitunda, choncho sindidaganize n'komwe za kuzizira, koma mayi ake atamugwira mapazi adapeza ali zii ngati madzi a m'mtsuko. "Bambo ake, tamutsitsani mwanayu," adatero, ndipo adamubereka ndi chitenje chimene adachimanga m'chiuno kuchokera kunyumba. Pasadathe mphindi khumi mwana adafunda n'kugona. Wokhala m'chikwama sagwira ntchito iliyonse, motero ayenera kuvala mofunda kuposa womunyamula, makamaka masokosi ndi chipewa. Kuyambira tsiku limenelo ndimayenda ndi kagalasi kakang'ono komuonera nkhope, ndipo sitimusiya m'menemo kupitirira ola limodzi osamutsitsa kuti awongole miyendo, popeza miyendo ikalendewera nthawi yaitali imachita dzanzi.

Tulo natonso sitiyenda bwino m'chikwamachi. Mwana akagona, mutu umagwera kutsogolo kapena cham'mbali n'kumagwedera ndi phazi lililonse limene ndaponda, ndipo kapilo kamene kali kutsogolo kwa kampando n'kakang'ono kwambiri moti tidachita kupinda thaulo kuti azitsamira.

Mu Seputembala, mitengo ya tsamba ndi mombo itayamba kuphuka masamba ofiira, tidapita ku Mulanje kukayenda kuchokera ku Likhubula mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita 3,002, si loti munthu alimbane nalo ali ndi kamwana kumsana, koma njira ya kumathithiyi ndi yotheka, ngakhale kuti ife idatitengera pafupifupi maola awiri chifukwa mwana ankafuna kutsika n'kumatola timiyala. Kumeneko dzuwa lidali loswa mtengo, ndipo kadenga kansalu kamene kamatuluka kuseri kwa kampando kadamuteteza bwino kumutu, ngakhale kuti mawondo adali pa dzuwa. Thumba lakunsi lidakwana malita awiri a madzi, matewera atatu ndi zovala zosintha, zimene ndi chitenje zikadafuna munthu wachiwiri wonyamula. Powoloka pa miyala yonyowa ya m'mphepete mwa mtsinje ndidazindikira kuti mwana akatembenuka mwadzidzidzi kuti aone madzi, thupi langa lonse limatsatira, choncho wotiperekeza adandidulira ndodo ndipo ndidayenda mwapang'onopang'ono kuposa nkhalamba ya dziwelo. Tili pa dziwe ndidaimika chikwama pa thanthwe mwana ali momwemo kuti ndimasule nsapato zanga, ndipo chikadagwa chafufumimba ndikadapanda kuchigwira msanga. Kamwendo kaja n'kothandizira pomanga malamba basi, si mpando woti mwana asiyidwepo yekha.

Kwa banja limene limangoyenda mtunda waufupi m'misewu ya m'tawuni kapena kupita kumsika, chikwamachi n'chosafunika, ndipo m'minibasi ya ku Limbe chimadya malo a munthu wathunthu mpaka kondakitala amayamba kuwerengera mpando wina. Kuchapa kwake n'kovuta chifukwa nsalu zina sizichoka pa chitsulo, moti fumbi la m'chilimwe timachita kulikwecha ndi burashi. Koma kwa iwo amene amafunadi kukwera Michiru kapena kukayenda ku Zomba ndi ku Mulanje kangapo pa chaka, mwana ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu, ndipo bambo ali wokonzeka kusenza, ndalama yake siipita pachabe. M'nyengo ya mvula ife tidachipachika kukhoma, chifukwa amene tidaona zimene namondwe wa Freddy adachita m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023 sitiyerekeza kukwera chitunda ndi mwana nthaka itakhuta madzi.

Mayi anga sadasinthe maganizo awo, ndipo akationa tikukonzekera ulendo amapinda chitenje chawo n'kuchilowetsa okha m'thumba lakunsi lija, pamwamba pa matewera. Pa maulendo asanu ndi limodzi amene tayenda, chitenjecho chatuluka m'thumbamo kasanu.