Cloud chamber kapena CosmicWatch, muyambe ndi iti?

Ngati mukufuna kudzipangira kachipangizo kogwira ma muon, tinthu tija timagwa kuchokera kumwamba, njira zotchipa zilipo ziwiri.

Cloud chamber ndi yakalekale, anaiyambitsa ndi C.T.R. Wilson mu 1911, ndipo Carl Anderson anatulukira positron (kanthu kofanana ndi electron koma ka chaji ya positive) mu 1932 pa chipangizo cha mtundu womwewu. Yapakhomo ndi kabokosi koonekera mkati, kansalu konyowetsa ndi spirit ya isopropyl ya 99%, pansi dry ice (mpweya wa carbon dioxide woundana) wozizira mpaka -78°C, ndiye kanthu kakadutsa kamasiya kamzere koyera, mumachita kuona ndi maso anu, zosangalatsa heavy.

CosmicWatch inachokera ku MIT, yunivesite ya ku America: pulasitiki ya scintillator imaphethira muon ikadutsa, kasensa ka kuwala kotchedwa SiPM n'kuona kuwalako, kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino n'kuwerenga.

Mtengo: cloud chamber ndi yotchipa poyamba koma dry ice muzigula ulendo uliwonse. CosmicWatch ndi cha m'ma $100, kamodzi basi.

Kupanga: cloud chamber tsiku limodzi yatha. CosmicWatch ikufuna dzanja losanjenjemera pa soldering chifukwa tizipangizo take ndi tating'ono zedi, komanso kuwala kukalowa pang'ono pokha mu scintillator manambala asokonekera, ndiye kukulunga ndi tepi yakuda musachite ulesi.

Kukhalitsa: dry ice akatha, masewera a cloud chamber atha. Inayo imawerenga usiku wonse pa USB.

Aphunzitsi ofuna ana aone okha, tengani cloud chamber. Koma ngati mukufuna data yoti muyerekeze ma muon apansi ndi apamwamba pa phiri, musavutike ndi kabokosi kaja, CosmicWatch.