Tahoe, Expedition kapena Sequoia: kukoka ngolo ndi kuyenda pachipale ndi galimoto imodzi

Ngati mukukhala ku Canada kapena kumpoto kwa America ndipo mukufuna galimoto yaikulu ya mtundu wa SUV yoti ikoke ngolo yogonamo m'miyezi yotentha, n'kudzayendanso pachipale mu Januwale, muli ndi zosankha ziwiri zosiyana kwambiri. Choyamba chimasankhidwa tsiku logula galimoto ndipo kuchikonza pambuyo pake n'kovuta: zida zokokera zoikidwa ku fakitale. Chachiwiri mutha kuchisintha chaka chilichonse: matayala ndi matcheni. 4WD, kukoka ndi matayala onse anayi, ili pakati pa ziwirizi, ndipo ndi imene ambiri amaidalira kuposa mmene iyenera.

Tiyambe ndi zokokera. Chevrolet Tahoe ya 2021, ya injini ya V8 ya malita 5.3 yokoka ndi matayala akumbuyo okha, imaloledwa kukoka mapaundi 7,900. Mukaiwonjezera Max Trailering Package imafika pa 8,400, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 3,800. Kusiyana kwake n'kochepa, mapaundi 500 basi, koma muli redieta yoziziritsa kwambiri, kachipangizo koyendetsa mabuleki a ngolo koikidwiratu pa dashibodi, ndiponso, pa ya 4WD, magiya otsika a 4 Low. Ford Expedition ya 2018 mpaka 2024 ndi ina: popanda Heavy-Duty Trailer Tow Package ili cha m'ma 6,000, koma nayo imafika pa 9,300. Chimapangitsa kudumpha kotereku ndi magiya a ekiselo yakumbuyo a 3.73, redieta yaikulu ndi choyendetsa mabuleki. Toyota Sequoia ya kuyambira 2023, ya injini ya hybrid, imafika pa 9,520.

Ndiye kwa wogula yakale, Expedition ndi imene ili ndi msampha waukulu. Galimoto ziwiri zofanana mtundu ndi chaka, zonse zili ndi hitch (chitsulo chokolekera ngolo) ya mainchesi 2 kumbuyo, zitha kusiyana ndi mapaundi oposa 3,000 pa zimene zimaloledwa kukoka. Kuona chitsulo kumbuyo si umboni. Yang'anani khodi ya ekiselo pa kapepala komatidwa pa felemu ya chitseko cha dalaivala, kapena perekani nambala ya chesisi (VIN) kwa ogulitsa a Ford akuuzeni zimene galimotoyo inatuluka nazo ku fakitale.

Nanga kugula yopanda zidazi n'kudzaziika nokha? Zina zimatheka bwinobwino. Hitch ya Class IV ya CURT kapena Draw-Tite imamangidwa pa chesisi ndi mabawuti. Pulagi ya mapini 7 imaikika, ndipo ndi yofunika chifukwa ya mapini 4 imangopereka magetsi a nyali, ilibe waya wa mabuleki. Choyendetsa mabuleki monga Tekonsha Prodigy P3 kapena REDARC Tow-Pro chimagwira ntchito yabwino. Koma zonsezi sizikweza malire amene kampani inalemba. Galimoto ya 6,000 imakhalabe ya 6,000 ngakhale hitch yake italembedwa 10,000, chifukwa chofooka ndi kutentha kwa injini ndi giyabokosi pachitunda, osati chitsulo chokolekera. Kusintha magiya a ekiselo pa 4WD kumafuna kusintha kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo mukamaliza pepala la kampani silisinthabe. Ngati ngolo yanu ndi yopepuka, ya boti laling'ono kapena zinyalala, zoika nokha n'zokwanira. Ikapitirira mapaundi 5,000, funani galimoto imene inabwera nazo.

Pa choyendetsa mabuleki musanyengerere. Pali cha mtengo wotsika chimene chimatumiza mphamvu yoikidwiratu pakapita kanthawi mutaponda buleki, ndipo pali chimene chimamva mmene galimoto ikuimira n'kutumiza mphamvu yolingana nayo. Pamsewu wouma choyambacho chimangogwedeza. Pachipale chimamanga matayala a ngolo mutangokhudza buleki pang'ono, ndipo ngolo yomanga matayala imaterereka cham'mbali. Gulani chachiwiricho.

Manambala aakulu aja amayezedwa potsatira ndondomeko yoyezera kukoka yotchedwa SAE J2807, yomwe ili ndi mayeso okwera chitunda cha Davis Dam ku Arizona kukutentha, koma imawerengera anthu awiri okha m'galimoto, aliyense wa mapaundi 150. Banja lonse mulibe. N'chifukwa chake malire amene mungagunde poyamba ndi a katundu amene galimoto ingasenze, olembedwa pa kapepala kachikasu ka pachitseko. Tiyerekeze kakunena 1,600. Ngolo ya mapaundi 7,000 iyenera kutsamira pa hitch ndi pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kulemera kwake. Pa 12 peresenti ndi 840. Chotsanipo hitch yogawa kulemera, yomwe payokha ingalemere pafupifupi 100. Mwatsala ndi 660 za anthu onse, zikwama ndi chakudya. Akuluakulu anayi amatha kumaliza zimenezo, pamene pepala lokokera likunena kuti mudakali ndi malo ambiri.

Hitch yogawa kulemerayo ndi yofunika pa ngolo zotere, ndipo Ford imaifuna pa Expedition ya 2018 mpaka 2024 ngolo ikapitirira pafupifupi 6,000. Ngolo ikatsamira kumbuyo, mphuno ya galimoto imadzuka, matayala akutsogolo amapepukidwa, chiwongolero sichimvera. Yezani kutalika kuchokera pansi kufika pa fenda yakutsogolo musanakoleke, yezaninso mutakoleka, kenako kokani zitsulo za hitch mpaka kutsogolo kutsike kubwerera monga buku la galimoto lanu likunenera. Mukapyola muyeso mumapepula matayala akumbuyo, ndipo poterera amenewo ndi amene amayamba kuthawa.

Tsopano za chipale. Apa Tahoe ndi Expedition zili ndi mwayi umodzi woonekeratu: zili ndi Auto kapena 4A, imene imatumiza mphamvu kutsogolo pokhapokha kumbuyo kukaterereka, ndipo mutha kuisiya choncho pa msewu wosakanikirana, pena pouma pena pachipale. Sequoia ya 2023 ili ndi 4WD yochita kulowetsa, yomanga kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi. M'chipale chakuya ndi yamphamvu, koma pa tala wouma imakakamira pokhota ndipo imapweteka zitsulo, choncho dalaivala amakhala akulowetsa ndi kutulutsa. M'tauni momwe amakolopa misewu ina n'kusiya ina, Auto ndi yabwino. Koma zonsezi zimathandiza ponyamuka ndi pokwera basi. Poima, galimoto iliyonse imaima ndi matayala anayi, ndipo SUV yolemera matani awiri ndi theka yokhala ndi ngolo kumbuyo ili ndi zambiri zoti ziimitsidwe.

Matayala a nyengo zonse (all-season) amene galimotozi zimabwera nawo amalembedwa M+S, kutanthauza matope ndi chipale. Zilembozi zimangonena za kapangidwe ka mizere, palibe mayeso a pachipale amene tayalalo linapambana. Labala wake amayamba kuuma kukazizira kutsika madigiri 7 Celsius, ndipo pa madzi oundana sagwira. A all-terrain (oyenda pa tala ndi m'tchire momwe) okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu ndi kachipale mkati, monga BFGoodrich KO2 ndi Falken Wildpeak A/T3W, ndi abwinopo ndithu, ndipo ambiri amawakonda chifukwa sasintha chaka chonse komanso amapezeka mu LT yosenza katundu. M'chipale chakuya chofewa amafukula bwino. Koma dziwani chimene chizindikirocho chimayeza: kunyamuka pachipale choponderezedwa, poyerekeza ndi tayala loyezera. Sichiyeza kuima, sichiyeza madzi oundana. Pamphambano pomwe magalimoto apukuta chipale mpaka kusalala, tayala la all-terrain limatsalira kutali.

Matayala enieni a chisanu, monga Bridgestone Blizzak DM-V2, Michelin X-Ice Snow SUV ndi Nokian Hakkapeliitta R5 SUV, ali ndi labala wofewa ngakhale kuzizire kwambiri, ndi timing'alu tambirimbiri toluma paayezi. Kwa munthu wa ku Ontario, Alberta kapena Minnesota, awa ndi amene tikanasankha mosakayika. Ali ndi zovuta ziwiri pokoka: amatha msanga kukafunda, ndipo kufewa kwawo kumapangitsa kumbuyo kwa galimoto kumveka ngati kukuyandama ngolo ikalemera. Aikeni onse anayi. Awiri okha kumbuyo galimoto imakana kukhota, awiri okha kutsogolo imazungulira.

A timisomali, monga Hakkapeliitta 10 SUV, amapambana onse pa ayezi wonyowa pamene kuzizira kuli pafupi ndi 0. Amachita phokoso, amadya msewu, ndipo malamulo amasiyana: Quebec imawalola kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 1 Meyi, Ontario imalola okhala kumpoto kwa chigawocho okha, Minnesota ndi Wisconsin zimaletsa kwa anthu wamba okhala kumeneko. Ngati misewu yanu amaithira mchere ndi kuikolopa tsiku ndi tsiku, timisomali tilibe phindu lalikulu.

Posankha lililonse mwa awa, yang'anani nambala ya katundu pambali pa tayala, chinthu chomwe ambiri amaiwala akathamangira mtengo wotsika. Tahoe ya marimu a mainchesi 20 imavala 275/60R20, ndipo nambala 115 ikutanthauza makilogalamu 1,215 pa tayala limodzi, pomwe 111 ndi 1,090. Tayala la chisanu lisatsike pa nambala ya limene galimoto inabwera nalo, makamaka kumbuyo komwe ngolo imatsamira. Ngati muli ndi marimu a mainchesi 22, ganizirani zogula marimu ena a 18 okhala ndi 265/65R18 a nyengo yachisanu, mutatsimikiza kuti akukwana pa mabuleki. Matayala ake ndi otsika mtengo, khoma lake lalitali limapirira maenje, ndipo n'ocheperako m'lifupi moti amaboola chipale. Mpweya umatsika pafupifupi 1 psi kuzizira kukatsika ndi madigiri 5 kapena 6, ndiye tayala lopopedwa mu Okutobala limakhala lofooka mu Januwale, ndipo tayala lofooka limasenza zochepa. Yezani m'mawa galimoto isanayende.

Malamulo nawo amasankhira munthu. Ku Quebec matayala a chisanu ndi okakamiza kuyambira pa 1 Disembala mpaka pa 15 Malichi. Ku British Columbia misewu yambiri ya kumapiri imafuna matayala a M+S kapena a chizindikiro cha phiri kuyambira pa 1 Okutobala, a mizere yakuya mamilimita 3.5. Ku Colorado, pa I-70 pakati pa Morrison ndi Dotsero, lamulo limagwira kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 31 Meyi. Koma la California ndi limene limagwira okoka ngolo modzidzimutsa. Pa gawo la R2 la lamulo la matcheni, galimoto ya 4WD yokhala ndi matayala a chipale onse anayi imadutsa yosamanga matcheni, bola ili nawo m'galimoto. Mukangokoleka ngolo mwayiwo watha: matcheni ayenera kumangidwa pa ekiselo imodzi yokoka ya galimoto, ndiponso pa ekiselo imodzi ya ngolo ngati ili ndi mabuleki.

Matcheni achitsulo enieni amagwira kwambiri ndipo amakhalitsa, koma amafuna mpata pakati pa tayala ndi mapaipi a mabuleki. A mawaya ndi opyapyala, amakwana pothina, koma amaduka msanga pansi pa galimoto yolemera. Masokosi a nsalu monga AutoSock amavalika mosavuta, koma amang'ambika pa tala, ndipo pokoka ngolo pachitunda sitingawadalire. Werengani buku la galimoto musanagule, chifukwa ena amaletseratu matcheni pa matayala aakulu ndipo ena amalola opyapyala a Class S okha. Amangeni kumbuyo, yendani mamita ochepa, imani mumangitsenso, ndipo musapitirire makilomita 50 pa ola. Yeserani kumanga pakhomo kukuwala, zala zisanaume.

Mukakoleka ngolo pachipale, zinthu zitatu zimene zimathandiza m'miyezi yotentha zimasanduka zoopsa. Tow/Haul, njira ya giyabokosi yosankhidwa pokoka ngolo, imatsitsa magiya yokha potsetsereka kuti injini igwire galimoto, ndipo kugwira kumeneko kukafikira matayala akumbuyo mwadzidzidzi amaterereka. Ford imachenjeza m'buku lake kuti musaigwiritse ntchito poterera. Chitsulo chokhwimitsa choletsa ngolo kugwedezeka chimafuna kumasulidwa, chifukwa chimaletsa galimoto ndi ngolo kuwongokerana mukatuluka pakona. Mphamvu ya mabuleki a ngolo nayo iyenera kutsika, popeza matayala a ngolo, olembedwa ST, alibe labala wa chisanu. Pezani malo opanda magalimoto, yendani makilomita 30 mpaka 40 pa ola, finyani kachogwirira ka mabuleki a ngolo ndi dzanja osaponda buleki ya galimoto. Matayala a ngolo akamanga, tsitsani nambala pang'ono n'kuyesanso, mpaka agwire osamanga. Mukabwerera pa tala wouma, kapena mukasintha katundu m'ngolo, bwerezani mayeso omwewo.