Hardwire kit ya kamera m'galimoto yamagetsi: momwe yandigwirira ntchito

Kamera yojambula msewu imene ndinaika m'galimoto yanga yamagetsi inkazima nthawi iliyonse ndikatuluka, chifukwa soketi ya 12V imene ndinkailumikizako imadula magetsi galimoto ikangozimitsidwa. Pofuna kuti izijambulabe galimoto itaima, ndinagula chipangizo chimene ogulitsa amachitcha hardwire kit, chomwe chili ndi mawaya atatu, timapulagi tolowa m'bokosi la mafyuzi, komanso kabokosi kotsitsa magetsi kufika pa 5V. Ndachigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo ndipo ndakhutira nacho, koma kabuku kake ka malangizo kanalembedwa poganizira galimoto za petulo, ndipo pamenepo m'pamene wogula angasokere.

Ambiri amadabwa kuti galimoto yonyamula batire la 400V kapena 800V ingavutike bwanji kudyetsa kamera imodzi. Batire lalikululo ntchito yake ndi kuyendetsa mota, mawaya ake amakhala a mtundu wa olenji, ndipo munthu wosaphunzira ntchitoyo asayerekeze kuwakhudza. Nyali, maloko ndi makompyuta a m'galimoto zimadalira batire laling'ono la 12V, limene limadzazidwa ndi DC-DC converter, kachipangizo kotsitsa magetsi ochokera ku batire lalikulu, pokhapokha galimoto ikakhala maso, kutanthauza makompyuta ake akakhala oyaka. Ikagona, batire lalikulu limadulidwa, ndipo chilichonse chimene mwalumikiza chimayamwa laling'onolo, lomwe likatha galimoto singayake ngakhale lalikulu litadzaza.

Kabuku kaja kamanena kuti muzimitse injini, muchotse kiyi, kenako muyese mafyuzi kuti mupeze yokhala ndi magetsi nthawi zonse. Ndinatsatira zimenezi, ndipo pafupifupi fyuzi iliyonse inaonetsa magetsi pa multimeter, chipangizo choyezera magetsi, koma imene ndinasankha inkafa pakapita mphindi zingapo. Chifukwa chake n'chakuti galimoto yamagetsi sigona msanga, ndipo kutsegula chitseko, kuyandikira ndi kiyi, ngakhale kutsegula pulogalamu yake pa foni kumaidzutsanso. Chimene chinandithandiza ndi kusiya chitseko chotsegula koma kukankha loko wake ndi sikuludiraiva kuti galimoto iganize kuti chatsekedwa, kuikiya, kuika kiyi kutali, ndi kudikira mpaka zonse zitazima ndisanayambe kuyesa. Pamenepo mafyuzi amoyo anatsala ochepa, ndipo ndinatenga ya mipando yosuntha ndi magetsi. Za ma airbag, mabuleki ndi zoyang'anira batire ndinazipewa dala, pakuti kamera si chinthu choikira moyo wa munthu pachiswe.

Chimene chimandikondweretsa kwambiri pa chipangizochi ndi kaswichi kosankhira malire a magetsi, kuyambira 11.8V mpaka 12.4V, kamene kamazimitsa kamera batire likatsika kufika pamene mwasankha. Kamera yodya 0.3A imamaliza pafupifupi 7Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi osungidwa m'batire) pa tsiku limodzi, ndipo batire la 45Ah la mtundu wa lead-acid silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, choncho masiku atatu okha oimika galimoto angathe kulifooketsa. Ine ndinasankha 12.4V, ndikudziwa kuti kamera izizima msanga, chifukwa kutaya maola ochepa a kanema n'kwabwino kuposa kupeza galimoto yosatseguka m'mawa. Galimoto ikadzuka yokha kudzaza batire laling'ono, magetsi amakwera kufika pafupi ndi 14V, ndipo kamera imayambanso kujambula popanda vuto.

Zolakwika zilipo. M'phukusi munali timapulagi ta mafyuzi a mtundu wa mini ndi ATO okha, pamene galimoto yanga imagwiritsa ntchito micro2, moti ndinachita kugula tina padera. Kabukuko sikanena kuti kapulagi kali ndi mbali yolowera magetsi ndi yotulukira, ndipo mukakazondotsa, magetsi opita ku kamera amadutsanso pa fyuzi ya galimoto imene inalipo kale m'malo modutsa pa fyuzi ya kamera yokha. Mitundu ya mawaya nayonso musaidalire, chifukwa opanga ena amaika magetsi osazima pa waya wachikasu pamene ena amawaika pa wofiira. Werengani chizindikiro chimene chili pa waya weniweniwo.

Musanagule, onani kaye ngati galimoto yanu ili ndi bokosi la mafyuzi. Nissan Leaf ili nalo, koma Tesla Model 3 ndi Model Y zimagwiritsa ntchito mafyuzi a kompyuta amene simungalowetsepo kapulagi, ndipo zatsopano zili ndi batire laling'ono la lithium la pafupifupi 16V, kotero malire a 12V aja sangateteze kanthu. M'galimoto zambiri zina, phini nambala 16 ya soketi ya OBD-II, pamene amakaniko amalumikizapo makina oyezera galimoto, imakhala ndi magetsi a batire nthawi zonse, ndipo pali nthambo zolowa pamenepo kwa amene safuna kukhudza mafyuzi. Amene amaimika galimoto kwa sabata kapena kuposerapo angachite bwino kugulira kamera batire lakelake, limene limadzazidwa pa soketi ya 12V poyenda ndipo silikhudza batire la galimoto ikaima.