Mpamba tiusunge m'chiyani: kwacha, dola, USDT, Bitcoin kapena katundu?

Amene amapikula katundu ku Limbe, kapena kukaoda ku Joni ndi ku Dar es Salaam, akulidziwa vuto ili. Malonda ayenda, ndalama m'thumba zachuluka, koma pofika kooda zikukanika kugula katundu yemwe uja. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 idatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Kuyambira 2022 kufika 2024 mitengo ya zinthu idakwera kuwirikiza kawiri, ndipo mu Febuluwale 2025 mavenda a kaunjika adachita zionetsero chifukwa cha mtengo wa bele.

Sitinafike pomwe adafika anansi athu a ku Zimbabwe. Kumeneko, mu Novembala 2008, mitengo inkawirikiza pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mu Januwale 2009 boma lidatulutsa ndalama yapepala ya 100 thiriliyoni, kenako n'kuisiya ndalama yawoyo n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi. Akatswiri a zachuma amati zinthu zafika poterepa mitengo ikamakwera ndi 50 peresenti mwezi uliwonse. Ife tili kutali ndi pamenepo. Komabe funso la munthu wa geni ku Harare nthawi imeneyo ndi lomwenso akufunsa mayi wogulitsa zitenje mumsika wa Blantyre lero: pakati pa tsiku logulitsa ndi tsiku lokaoda, ndalamazi zikhale m'chiyani?

Tiyambe ndi kwacha, poti palibe angaithawe. Lendi ya shopu, malipiro a anyamata, msonkho wa MRA, mayunitsi a ESCOM, zonsezi zimafuna kwacha, ndipo makasitomala amalipira pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Ubwino wake ndi woti ili pompo ndipo lamulo lili kumbali yanu. Kuipa kwake ndi koti ikagona imachepa. Chiwongoladzanja cha akaunti wamba yosungira ndalama chimakhala pansi kwambiri poyerekeza ndi momwe mitengo ikukwerera. Mukaitsekera kubanki kwa miyezi ingapo mumapatsidwa chokwererapo, koma mpamba wa geni sufuna kutsekeredwa. Ngakhale ku banki mkhonde, ndalama zomwe mumagawana mu Disembala zimaoneka zambiri papepala, koma muzifunse kuti zigula matumba angati a feteleza poyerekeza ndi chaka chatha. Ine ndimaona kuti kwacha ndi yoyenera ndalama zoti zituluka m'sabata ziwiri kapena zitatu. Zoposera apo zikufuna malo ena.

Dola yapepala ndiyo yomwe ambiri amaiganizira koyamba. Kubanki ndi yotchipa, koma kuipeza kwake ndi nkhani ina: yochepa yomwe ilipo imayamba yapita ku mafuta a galimoto, mankhwala ndi feteleza, ndipo wa geni yaing'ono amadikira mpaka kutopa. Motero anthu amapita kumsika wozembera, komwe kumayambiriro kwa 2025 dola inkagulidwa kuposa kawiri mtengo wa kubanki. Ndinene mosabisa kuti kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo anthu amamangidwa. Kuwonjezera apo pali madola achinyengo, pali akuba, pali ogulitsa akunja okana mapepala akale kapena ong'ambika, ndipo pachipata cha Mwanza kapena Songwe ndalama zopanda zikalata zimalandidwa. Amene amagulitsa katundu kunja ali pabwino pang'ono, chifukwa amatha kukhala ndi akaunti ya ndalama zakunja, ngakhale kuti gawo lina la ndalamazo amakakamizidwa kulisintha kukhala kwacha.

Tsopano USDT, yomwe ndikhalitsapo chifukwa ndi yomwe achinyamata akuitchula kwambiri m'magulu a WhatsApp. Ndi ndalama ya crypto, kutanthauza ndalama ya pa intaneti yosagwirika m'manja, yomwe kampani ya Tether imatulutsa, ndi lonjezo loti USDT imodzi ikhale yofanana ndi dola imodzi. Ku Venezuela, komwe boma lidachotsa maziro 5 pa ndalama yawo ya bolívar mu 2018 ndi ena 6 mu 2021, amalonda ambiri amalandira malipiro ndi kusunga mpamba mu USDT. Boma lawo lidayesa kupanga crypto yakeyake yotchedwa Petro mu 2018, koma anthu sadaikhulupirire ndipo idatsekedwa mu Januwale 2024. Anthu ankafuna dola, ndipo USDT ndiyo idali njira yoifikira pa foni.

Kagulidwe kake kuno n'kotere. Mumatsegula akaunti pa msika ngati Binance, kutsimikiza ndi chiphaso chanu, kenako kulowa mbali ya P2P, momwe munthu amagula kwa munthu mnzake. Wogulitsa akavomera, USDT yake imatsekeredwa ndi eni msika. Inu mumamutumizira kwacha pa foni kapena kubanki, iye akaona kuti ndalama zalowa amamasula USDT ija. Mukatero mutha kulipira wogulitsa katundu wa ku Guangzhou ku China kapena ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam m'mphindi zochepa, ngati iyeyo amalandira USDT, osanyamula chikwama cha ndalama m'basi yochokera pa Wenela.

Koma mfundo yomwe ndikufuna anzanga muigwire ndi iyi: USDT sibweretsa dola yotchipa. Amene akukugulitsaniyo akudziwa mtengo wa pamsika wozembera, ndipo mtengo wake umatsata umenewo osati wa kubanki. Chomwe USDT imachita ndi kuimitsa mphamvu ya ndalama zanu pa tsiku lomwe mwaigula, basi. Titenge chitsanzo chongoyerekeza. Muli ndi K2,000,000, mwagula pa K4,000, mwapeza USDT 500. Patapita miyezi itatu mtengo wafika K4,500, ndiye kuti ndalama zanu ndi K2,250,000. Simunapindule kalikonse, chifukwa katundu wa madola 500 akadali wa madola 500. Mwangopewa kuluza. Ndipo mukafuna kubwerera ku kwacha, wogula amakupatsani mtengo wotsikirapo kuposa womwe akugulitsira ena, kuphatikiza zomwe amadula a foni potumiza ndi potapa. Kulowa ndi kutuluka kawirikawiri kumadya mpamba mwakachetechete. Mtengowo umathanso kutsika, makamaka nyengo yogulitsa fodya pomwe madola amalowako m'dziko. Amene adagula pa nthawi ya mantha, mtengo uli kumwamba, amaluza.

Poyerekeza ndi dola yapepala, USDT ilibe vuto la mapepala achinyengo kapena kuberedwa m'minibasi. Ili ndi mavuto akeake, ndipo ndi oopsa kwa wosadziwa. Ndalama ikatumizidwa kolakwika sibwerera. Pa Airtel Money kapena Mpamba mutha kuimba foni n'kudandaula, koma kuno kulibe wokuyankhani. USDT imayenda pa njira zingapo: adilesi (nambala yotumizirako ndalama) ya pa Tron imayamba ndi T, ya pa Ethereum imayamba ndi 0x, ndipo mukasokoneza njira ndalama zitha kutayikiratu. Pogulitsa, atsotsi amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati ndalama zalowa, kapena chithunzi cha risiti, n'kumakufulumizitsani kuti mumasule. Musamasule musanaone nokha balansi yanu. Wina akakuuzani kuti "achimwene, tiyeni timalizire pa WhatsApp, ndikupatsani mtengo wabwino", dziwani kuti akukutulutsani pomwe pali chitetezo.

Palinso funso la amene akusunga ndalamazo. Mukazisiya pa akaunti ya msika, zili m'manja mwa kampani yomwe ilibe ofesi pa Victoria Avenue. Msika wa FTX, womwe udali umodzi mwa ikuluikulu padziko, udagwa mu Novembala 2022 anthu ali ndi ndalama zawo mkati. Mukazisunga mu wallet yanuyanu, yomwe ili ngati chikwama cha ndalama cha pa foni, kiyi wake ndi mawu 12 kapena 24 omwe mumapatsidwa potsegula. Amene wawaona watenga ndalama zonse, ndipo mukawataya foni n'kubedwa, zatha. Ndiponso lonjezo loti ndalama ya crypto izifanana ndi dola silimasungidwa nthawi zonse: TerraUSD idagweratu mu Meyi 2022, ndipo USDC idatsika kufika pafupifupi masenti 87 kwa masiku ochepa mu Malichi 2023 banki ya Silicon Valley Bank itagwa. Kampani ya Tether nayo ili ndi mphamvu zotseka ndalama za pa adilesi iliyonse ikapemphedwa ndi apolisi.

Za lamulo zimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa za atsotsi. Reserve Bank of Malawi idachenjeza mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno, kutanthauza kuti mukaberedwa palibe bungwe la boma lomwe lingakubwezereni. Ndipo kulipira katundu wakunja kudzera njira yosadutsa kubanki kumakhudza malamulo a ndalama zakunja, komanso kumakusiyani opanda zikalata zoonetsa momwe mudalipirira katunduyo akafika pachipata. Boma likapanikizika ndi kusowa kwa madola limatha kusintha zinthu mwadzidzidzi. Banki yaikulu ya ku Zimbabwe idaletsa mabanki kuchita malonda a crypto mu 2018. Ya ku Nigeria idachita chimodzimodzi mu Febuluwale 2021, n'kudzamasula mu Disembala 2023, koma pofika Malichi 2024 Binance idasiya malonda onse a naira, boma litagwira akuluakulu ake awiri. Amene adaika mpamba wonse pamenepo adavutika kuutulutsa. Ngati bizinesi yanu ndi yolembetsedwa, funsani wowerengera chuma kapena loya musanayambe.

Bitcoin, ndalama ina ya crypto yomwe mtengo wake sutsata dola, ndiifotokoza mwachidule. Mu Novembala 2021 imodzi inali pafupifupi madola 69,000, ndipo patatha chaka chimodzi inali pafupifupi 16,000. Idadzakweranso kuposa pamenepo, n'zoona, ndipo alipo amene adapindula chifukwa chodikira zaka. Koma wogulitsa zipangizo za galimoto ku Ndirande, yemwe akuyenera kuoda mwezi wamawa, sangadikire zaka. Kupatula masiku omwe Reserve Bank yaitsitsa mphamvu, kwacha imatsika pang'onopang'ono moti umatha kuiwerengera, pomwe Bitcoin imatha kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi tsiku limodzi. Ngati muli ndi kandalama kapadera komwe simukafuna posachedwa, zili ndi inu. Mpamba wa geni ayi.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa ambiri amene amati adaluza pa Bitcoin sadaigule n'komwe. Adapereka ndalama kwa munthu wolonjeza phindu la tsiku ndi tsiku, ndi bonasi ukabweretsa anzako. Mirror Trading International ya ku South Africa idayenda choncho mpaka idagwa mu Disembala 2020, itatenga ndalama za anthu a m'maiko ambiri. Zotere zimalowa kudzera kwa anthu omwe timawakhulupirira, anzathu a kutchalitchi, alamu, anzathu a kuntchito, omwe nawonso anamizidwa. Malonda enieni a USDT salonjeza phindu lililonse. Mukamva lonjezo la phindu lokhazikika, musapereke ngakhale K500.

Njira yomwe ndimaiika patsogolo pa zonsezi ndi yakale: kusandutsa ndalama kukhala katundu msanga. Malata, misomali, mapaipi, sopo, zipangizo za njinga zamoto za kabaza, zonsezi mtengo wake umakwera limodzi ndi dola, sizifuna intaneti kapena magetsi, ndipo palibe lamulo lomwe mukuphwanya. Wogulitsa amaidziwa kale ntchito yake, pomwe pa crypto amakhala mlendo. Koma si katundu aliyense. Simenti imauma ikakhalitsa. Mafoni ndi zovala zimatha fasho. Chimanga chimafuna mankhwala a anankafumbwe, ndipo mtengo wake umagwa pokolola, kotero wogula mu Januwale n'kugulitsa mu Meyi amalira. Misika yathu imapsanso, ndipo ambiri alibe inshuwalansi. Choipa china n'chakuti katundu sasanduka ndalama tsiku lomwe mwana wadwala.

Katundu amateteza pokhapokha ngati mukuika mtengo moyenera, ndipo apa ndi pomwe mipamba yambiri imafera. Mudaoda bele pa K300,000, mwagulitsa zonse n'kupeza K380,000, mukuti phindu ndi K80,000 ndipo mwalidya. Pofika kooda bele lili pa K370,000. Phindu lenileni linali K10,000, ndipo K70,000 yomwe mwadyayo inali mpamba. Mtengo wogulitsira uzichokera pa ndalama zomwe mudzaodere katundu wina, osati zomwe mudaodera wakaleyo. M'kope mwanu lembani manambala awiri: kwacha, ndi kuchuluka kwa katundu kapena madola omwe kwachayo ingagule tsiku limenelo. Chimodzimodzi ngongole: kasitomala wotenga katundu lero n'kudzalipira pakatha miyezi itatu akukubwezerani zochepa kuposa zomwe adatenga, ngakhale nambala ikhale yomweyo.

Ndiye ngati mumaoda mommuno, ku Limbe kapena kumafakitale a ku Makata ndi Chirimba, USDT simukuifuna kwenikweni. Gulitsani, odani msanga, sungani kwacha yochepa ya lendi ndi zadzidzidzi. USDT imayamba kukhala ndi ntchito kwa amene amaoda kunja ndipo amasonkhanitsa ndalama kwa mwezi kapena iwiri asanalipire, kapena kwa wachinyamata wogwira ntchito za pa intaneti yemwe makasitomala ake ali kunja. Ngakhale apo, yambani mwafunsa wogulitsa wanu ngati amailandira ndiponso pa njira iti, tumizani kaye madola 10 kuti muone ngati afika, kenako mutumize zotsalazo. Mawu 12 aja alembedwe papepala, osati kujambulidwa mu foni, ndipo akazi anu kapena amuna anu adziwe pomwe pepalalo lili. Ndalama za kubanki abale amatha kuzilondola mwini wake akamwalira, koma za mu wallet palibe khoti lomwe lingazitsegule.